Wakuba Amene Anavula Nsapato

Apolisi atangotuluka, Themba anayimbira foni mchemwali wake Marjorie n'kumuuza kuti akazitape amulowera m'nyumba. Sananene kuti akuba ayi, anati akazitape, ndipo mawuwo anawatchula monong'ona ngati wina wabisala kuseri kwa firiji.

Marjorie sanathamange. Ntchito yake ku banki ina yaikulu mu Washington inali yofufuza anthu osolola ndalama za chitukuko, ndipo inali itamuphunzitsa kuti munthu woberedwa amakonda kuti wakuba wake akhale wamkulu, chifukwa kuberedwa ndi munthu wamba kumachititsa manyazi. Anamaliza kaye kupinda zovala za ana, kenako n'kuliza galimoto kuchoka ku Gaithersburg kupita ku Germantown, momwemo m'chigawo cha Maryland, mvula ya Loweruka masana ikuwaza.

Chimene chinabedwa chinali kachipangizo kojambulira mawu, kochepa ngati sopo wotha. M'menemo munali mawu a malemu a Luo, bambo okalamba ochokera ku China amene anamwalira nyengo yozizira yapitayi. Themba anaphunzira ku China, Chitchaina amachilankhula ngati anabadwira komweko, ndipo tsopano ankalemba buku la digiri yake yomaliza pa yunivesite ina ya konkuno. Nkhani yake inali ya njala imene inasesa midzi ya ku China cha m'ma 1960. Mabuku a boma amati zinali zaka za chilala ndi madzi osefukira, ndipo buku la mbiri ya dera la kwawo kwa a Luo linangotayira mudzi wonsewo mizere iwiri. Koma a Luo anauza Themba zina. Anati nkhokwe ya mudzi inali yodzaza, yokhomedwa ndi loko, kiyi ali m'thumba mwa mkulu wa chipani pamudzipo, munthu wotchedwa Gao, pamene anthu panja ankadya makungwa a mitengo.

A Luo anamulumbiritsa Themba kuti mawuwo asalowe mu kompyuta kapena pa intaneti, poopa kuti abale awo kumudzi angaone zakuda. Themba, pokhala Themba, anasunga lumbirolo ngakhale mwiniwake atalowa m'manda, ndiye panalibe kwina kumene mawuwo anasungidwa. Lachinayi likubwerali aphunzitsi ake ankakumana kuti aweruze ntchito yake, ndipo mmodzi wa iwo anali atanena kale kuti nthano ya munthu wakufa si umboni pokhapokha aimve ndi makutu awo. Popanda kachipangizoko buku linkagwa, malo a pa yunivesite n'kupita, viza n'kutsatira pambuyo.

Anamupeza akuzungulira pabalaza, maso ali psu. Anali atalemba kale mayina a atolankhani oti awayimbire. Anati sangaopsezedwe, anati akalankhula pa wailesi, anati dziko lonse limva. Marjorie ankadziwa kumene ukaliwo unachokera. Bambo awo anatengedwa kuntchito nthawi ya chipani chimodzi, anabwerako mano akutsogolo palibe, koma pepala limene linabwera nawo linati anali kutchuthi. Kuyambira ali mwana Themba akaona chidindo cha boma lililonse magazi amamuwira, ndipo Marjorie ankamukonda chifukwa cha zimenezo, ngakhale nthawi zina ankalakalaka atamukhoma kakhofi pamutu.

Anamukhazika pansi n'kuyamba kumufunsa. Laputopu inali pa tebulo, TV ili pakhoma, chikwama cha ndalama chili pa mpando. Kachipangizo kokha ndiko kanachoka mu dilowa. Wapolisi amene anabwera, wina wake Stafford, anati chitseko sichinathyoledwe, mawindo ali bwinobwino, ndipo wochita zimenezi ndi katswiri. Mawu akuti katswiriwo ndiwo anamukweza Themba mpaka kumitambo.

Marjorie anafunsa kumene iye anali. Themba anati anali pakhomo pompano tsiku lonse. Kunabwera mlendo mmodzi yekha, Ernest, mwana wa malemu a Luo, kudzatenga zithunzi za bambo ake. Anamwa tiyi, anacheza, kenako anamuperekeza.

"Chitseko unakhoma?"

"Achemwali, munthu amaperekeza mlendo atanyamula makiyi ngati woyang'anira ndende? Ndinangokoka basi."

Ndi mmene amayi awo anawalerera, Marjorie sakanatsutsa. Mlendo samutsanzika uli pa mpando, umayenda naye mpaka pamene miyendo yake ikuthera. Ku Mzimba zimenezo n'zaulemu, koma ku Germantown n'kusiya nyumba pa msika. Anafunsa kumene anamuperekeza. Themba anati kumalo oimika galimoto a kuseri, kupitirira pamene ana amasewera, ndipo kumeneko Ernest anamuchedwetsa ndi nkhani za mpira, munthu woti mpira sauonera n'komwe.

Marjorie anasuzumira pawindo. Galimoto yake inali pamalo a alendo, pamphuno penipeni pa chitseko. Anafunsa ngati malowo anali ndi galimoto ina masana. Themba anati ayi, anali opanda kanthu. Nanga Ernest masiku onse amaimika pati? Pomwepo pakhomopo, ndipo amaseka nthawi zonse kuti Amalawi mumaperekeza munthu ngakhale galimoto ili pamaso panu.

Themba anaona kumene mafunsowo ankalowera, ndipo anakwiya. Ernest anali naye limodzi kuyambira pa mpando mpaka pa galimoto, anati, ndipo anamuona akunyamuka yekha. Munthu sangabe m'nyumba ataima nawe pa mvula.

Marjorie ankayang'ana pansi. Panja anthu okonza mapaipi anali atakumba kanjira konse ka kutsogolo, matope ofiira ali nyakanyaka, ndipo iye polowa anali atadinda mapazi atatu pa kapeti yoyera ya mlongo wake. Mapazi a wapolisi ankaonekanso, akuluakulu ngati a mvuu. Koma kuchoka pakhomo kukafika pa dilowa, njira imene wakubayo anayenda, kapeti inali mbee.

"Katswiri wakoyu," anatero, "kapena amauluka?"

* * *

Nyumba yoyang'anana ndi ya Themba munkakhala Chileshe, namwino wa ku Lusaka, mayi woti kanthu sikadutsa pamsewu iye osakaona. Anatsegula atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu, kapu ili m'manja, ndipo asanafunsidwe n'komwe anayamba kudandaula za matope, za lendi, ndi za mwana wake amene amamuyankha m'Chingelezi ngakhale pomukalipira. Apolisi anabwera, anati, ndipo anawauza kuti sanaone munthu. Marjorie anamufunsa ngati sanaonedi kanthu.

"Ba Marjorie, munthu sininaone, ninaona chabe nsapato. Manje ba polisi benze kufunsa pali mwamuna, ati wamutali olo wamufupi. Ine nikambe ati ninaona nsapato, banione monga ofuntha?"

Marjorie anamuuza kuti iyeyo amakonda anthu openga, afotokoze. Chileshe anati anali pawindo akudikira phukusi. Anaona Themba akutuluka ndi mlendo wake atafunda ambulera imodzi. Anapita kukathira madzi mu ketulo, ndipo pobwerera anaona pa sitepe ya Themba pali nsapato. Zinali zazing'ono, zansalu yakuda, zopanda zingwe. Anaziika bwino, mbali ndi mbali, zala zitaloza kumsewu.

"Nenze naganiza ati ni ba mayi ba ku chechi. Kawalala angafake nsapato bwino so? Ninayenda mukati, pobwela zaliko iyayi."

Marjorie anamuthokoza n'kuwoloka msewu pang'onopang'ono. Pantchito yake anaona akuba amitundumitundu, ovala masuti, opemphera, olira, koma anali asanaonepo wakuba wolemekeza kapeti ya mwini nyumba. Ameneyu sanali katswiri. Anali munthu woti miyendo yake imakana yokha kulowa m'nyumba ya wina ili ndi nsapato, ngakhale mtima ukupita kukaba. Anafunsa Themba kuti kunyumba kwa a Luo amavula nsapato pakhomo kapena ayi. Themba anati aliyense amavula, ngakhale wokonza magetsi. 

"Tenga jekete," anatero Marjorie.

* * *

Ernest ankakhala m'nyumba yanjerwa ku Gaithersburg, kufupi ndi kampani ya mankhwala kumene ankagwira ntchito. Anatsegula chitseko theka n'kutsekereza ndi thupi lake. Anali munthu wolankhula mofatsa, wosankha mawu ngati akugula tomato, ndipo chiganizo chilichonse ankachiyamba ndi kunena kuti akumvetsa. Ankamvetsa kuti Themba wakhumudwa. Ankamvetsa kuti ntchitoyo inali yofunika. Koma iye anali ndi Themba nthawi yonseyo, Themba yemweyo ndiye mboni yake.

Marjorie anamukumbutsa kuti palibe amene wamufunsa kumene anali. Anamufunsa chifukwa chimene anaimikira galimoto kutali pa mvula. Ernest anati ankafuna kuwongola miyendo. Anamufunsa ngati anabwera yekha. Anati yekha. Anamufunsa ngati potuluka m'deralo sanaime pakona kunyamula wina amene anamutsitsa pobwera. Apa nkhope ya Ernest inauma, ndipo anati akumvetsa, koma mafunso ena angafunike loya.

"Muyimbireni," anatero Marjorie. "Maloya ndimacheza nawo tsiku ndi tsiku. Koma pomuyimbirapo mumuuze kuti abwere ndi bulashi."

Analoza kuseri kwa miyendo yake. Pa shelefu ya nsapato, pakati pa majombo a ana ndi masilipasi a alendo, panali nsapato zazing'ono zansalu yakuda. M'mbali mwake munali matope ofiira, osauma.

M'kati mwa nyumbamo munamveka mawu a munthu wamkazi, akuthwa, achidule. Marjorie Chitchaina sachimva, koma mawu a mayi wolamula mwana wake amamveka chimodzimodzi kulikonse. Ernest anagwetsa mapewa n'kupatuka.

Themba ananong'ona kuti akuti alowe, koma avule nsapato.

* * *

Mkazi wa malemu a Luo anali atakhala pa tebulo la kukhitchini, msana uli njo. Anali mayi aang'ono thupi, tsitsi loyera lodula mofupika, zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Kachipangizoko kanali patsogolo pawo, pambali pa mbale ya mtedza, osabisa n'komwe. Themba atakaona anapuma ngati munthu wotula mtolo, n'kutambasula dzanja. Mayiwo anaika chikhatho chawo pamwamba pake.

Analankhula, ndipo Themba ankamasulira mchemwali wake chiganizo ndi chiganizo. Anati inde, ndi iwo analowa. Mwana wawo asamuvutitse, anangomutuma, ndipo anakana kwa milungu ingapo asanavomere. Anadziwa kuti chitseko chikhala chosakhoma chifukwa mnyamata uyu ndi woleredwa bwino, samusiya mlendo kuyenda yekha. Dilowayo anaidziwa chifukwa Themba mwiniwake anauza Ernest kumene amasunga mawu a bambo ake. Apolisi akafuna abwere, awatenge, sakuopa. Anaonapo zoopsa kuposa apolisi a ku Maryland.

Themba anayankha mwaulemu, koma mokwiya. Anawauza kuti amuna awo anali munthu wolimba mtima, kuti ananena zimene mabuku anabisa, kuti kufafaniza mawu awo n'kuthandiza amene ananama. Mayiwo anamudikira mpaka amalize. Kenako anamufunsa funso lalifupi, ndipo Themba sanamasulire.

"Akuti chiyani?" anafunsa Marjorie.

"Akuti miyezi yonse ija ndinkabwera kuno, iwo akundiphikira tiyi, dzina lawo ndani."

"Ndiye ndani?"

Themba anati ankangowatchula kuti mayi Luo. Ankadziwa bwino lomwe kuti ku China mkazi akakwatiwa sataya dzina la bambo ake, anaziphunzira chaka chake choyamba kumeneko. Koma mutu wake unali wa kwawo, kumene mkazi wa a Jere ndi mayi Jere, nkhani yatha. Sanafunse. Ankapatsa moni, n'kulandira kapu ndi manja awiri, n'kutembenukira kwa bambo, chifukwa mbiri yakale ankaiona kuti ili kwa bambo.

Mayiwo anadziloza pachifuwa n'kutchula liwu limodzi, ndipo limeneli Marjorie analimva yekha popanda womasulira.

"Gao."

Themba anakhala pa mpando osauzidwa. Munthu amene buku lake lonse linkamuloza chala, mkulu wa chipani wosunga kiyi wa nkhokwe, anali bambo awo a mayiwa. A Luo m'miyezi yonse ija sanatchulepo ngakhale kamodzi kuti ankanena za apongozi awo, ndipo mwana wa munthuyo anali kuseri kwa khoma, akumva zonse.

Mayi Gao anapitiriza, osakweza mawu. Anati bambo awo anasungadi kiyi, koma chaka choyamba chokha. Akuluakulu atafuna kuti alembe zokolola zimene m'munda munalibe, iwo analemba zoona, ndipo anawamenya pamaso pa mudzi wonse n'kuwalanda kiyiyo. Nkhokwe inali yodzaza, pamenepo amuna awo sananame. Koma panali zina zimene sanazinene. Kunali gulu la anyamata amene ankapatsidwa phala lowonjezera, ntchito yawo kuyenda nyumba ndi nyumba ndi zitsulo zosongoka, kubaya pansi kufunafuna chakudya chobisika. Amayi a mayi Gao anali atakwirira kathumba ka mbatata youma pansi pa malo ogona, kosungira mwana wawo wamng'ono.

Apa Themba anasiya kumasulira. Mayiwo anali atanena kale, iye anamva, koma pakamwa pake panakana. Marjorie anamuyang'ana. Anamumvera chisoni, chifukwa ankaona munthu amene mlongo wake anamuika pamwamba akutsika pamaso pake, koma chisonicho sichinamufewetse.

"Masulira," anatero. "Kapena nawenso wayamba kusankha zoti anthu amve?"

Themba anati mnyamata amene chitsulo chake chinabaya kathumbako anali a Luo. Mwana uja sanafike nyengo yodzala.

Ernest anali ataima pakhomo la khitchini, akuyang'ana pansi. Marjorie anafunsa, kudzera mwa Themba, zimene wofufuza aliyense akanafunsa: ngati zinali choncho, anakwatiwa nawo bwanji? Mayi Gao anamuyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Njala itatha, m'mudzimo munatsala anyamata angati oti ndisankhepo?"

Anati anakhala nawo moyo wonse, anawabalira ana, anawasamala mpaka tsiku lomaliza, ndipo sanali mwamuna woipa. Nayenso anali mwana wanjala. Zimenezo anakhululuka kalekale. Chimene sangakhululuke n'chakuti atakalamba, atapeza munthu wowamvetsera, anatenga mtolo wawo n'kuusenzetsa munthu wakufa amene sangadziyankhire. Boma linati inali mvula. Amuna awo anati anali Gao. Ndipo tsopano mlendo wochokera ku Afirika alemba buku la Chingelezi, zidzukulu zawo zidzawerenge kuti bambo a agogo awo aakazi anapha mudzi.

Marjorie sanathe kudziwa ngati mayiwa nawonso sakukhotetsa pena pake. Mwana wamkazi poteteza bambo ake amatha kuiwala zambiri, iye mwini ankadziwa zimenezo. Koma mboni imene sinafunsidwe ndi mboni ndithu, ndipo iyi inachita kuba kuti ifunsidwe.

Mayi Gao anachotsa dzanja pa kachipangizo kaja n'kukakankhira pakati pa tebulo. Anati sanafafanize kanthu, sadziwa n'komwe pobaya. Mawu a amuna awo onse alimo. Themba akafuna atenge azipita, akapereke kwa aphunzitsi ake momwe alili, iwo sakamutsatira. Koma akafuna kumva mbali yawo, akhale pansi, ndipo adziwiretu kuti yawoyo ndi yaitali.

Marjorie anawerengera mumtima zimene mlongo wake ankawerengeranso. Akatenga n'kutuluka, Lachinayi akhoza, viza ikhala, ndipo palibe pulofesa amene angadziwe. Akakhala, mutu uliwonse wa bukulo uyenera kuphwasulidwa, ndipo Lachinayi akaima pamaso pa anthu aja n'kuwauza yekha kuti mboni yake yaikulu inabisa theka. Mphunzitsi uja wonyoza nthano za akufa akanaseka mpaka misozi. Marjorie anafuna kumuuza kuti atenge azipita, chifukwa ndi mlongo wake ndipo sankafuna kukamusiya pa bwalo la ndege. Analuma mlomo.

"Achemwali," anatero Themba, osamuyang'ana, "mundidikira kapena ndidzakwere basi?"

"Ndikudikira."

Themba anakoka mpando kufupi ndi tebulo. Anabaya batani la kachipangizoko. Kanyali kofiira katayaka, anatchula tsiku ndi malo monga amachitira nthawi zonse, kenako anatsegula pakamwa kuti afunse funso loyamba. Mayi Gao sanadikire funsolo. Anakokera kachipangizoko pafupi ndi milomo yawo n'kutchula mawu awiri, pang'onopang'ono, kenako n'kuwabwerezanso.

Marjorie anafunsa ndi maso. Themba anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete.

"Ndi dzina la mwana uja," anatero. "Akuti tiyambire pamenepo."